CILETSO SI CIGAMULO

Pali liu limodzi limene olemba nyuzi ndi onena nkhani pa wailesi alisenzetsa katundu woposa msinkhu wace. Liulo ndi lakuti cigamulo. Woweruza akanena kuti mlandu uime kufikira mwezi wa mawa, ife timamva kuti khoti lagamula. Akalola kuti munthu womganizira kuba aturuke m'ndende, azidikira mlandu wace ali kwao, timamvanso kuti khoti lagamula. Akaletsa munthu kugulitsa nyumba imene abale alikulimbirana, khoti lagamula. Ndipo pa tsiku lotsiriza, mboni zonse zitalankhula, iye nachula wolakwa ndi wolungama, mau ace ndi omwewo: khoti lagamula. Zinthu zinai zosiyana zavala dzina limodzi. Ine ndikuti kumeneku nkulakwa, ndipo si kulakwa kwa m'kalasi kumene mphunzitsi angakonze ndi coko pa bolodi. Kulakwa kumeneku kumadanitsa abale, kumataitsa anthu cuma, ndipo nthawi zina kumakhetsa mwazi.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona kumene nkhaniyi icokera. Makhoti a boma m'Malawi amayendera njira za malamulo a ku England, zimene zinakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1902, ndipo oweruza amalemba mau ao m'Cingerezi. M'Cingerezimo muli mau awiri ofanana ngati mapasa, amene amasokoneza ngakhale eni cinenero. Loyamba ndi interlocutor, laciwiri ndi interlocutory. Owerenga, musaope kutalika kwao. Tikawaswa mudzaona kuti m'kati mwao mulibe cacilendo. Onse awiri anacokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Inter ndiko kuti pakati, ndipo loqui ndiko kulankhula. Tsono interlocutor ndiye munthu amene ulikulankhula naye, iye amene amaponya mau ace pakati pa mau ako. Interlocutory ndi dzina la lamulo limene woweruza amapereka pakati pa kulankhulana, ndiye kuti mlandu ukali m'kati, eni ace asanatsirize kunena zao. Akatswiri a malamulo a Aroma, ndi a Mpingo wa Katolika pambuyo pao, ankasiyanitsa ziweruzo za mitundu iwiri: ca pakati pa mlandu, ndi cotsiriza mlandu. Angerezi anatengera kumeneko.

Ena poona mau awiriwa amati kufanana kwao kunangocitika, monga mtengo wa m'nkhalango ufanana dzina ndi mtengo wa pa msika. Iai, sikunangocitika. Ndi mau a bere limodzi, ndipo limodzi limamasulira linzace. Pamene pali lamulo la pakati pa mlandu, pamenepo pakali munthu woti ulankhule naye. Sanagonje, sanacotsedwe pa bwalo, ndipo mau ace akali kudza. Ku Scotland anthu a malamulo anafika pakucha lamulo lolembedwa la khoti kuti interlocutor, liu lomwe lija la munthu wolankhula naye. Amishoni a ku Scotland ndiwo anayamba mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo mmodzi wa iwo, David Clement Scott, anasindikiza buku lomasulira mau a Cimang'anja mu 1892. Koma malamulo athu sanadzere kwao, cotero cisokonezo cimeneco cinatilambalala. Tiri naco cathu-cathu, ndipo ncokwanira.

Funso tsono ndi ili: kodi Cicewa ciri nao mau a zinthu ziwirizi? Alipo anthu ophunzira amene amayankha msanga kuti ciribe. Amati cinenero cathu ncokwanira ku munda ndi pa mtondo, koma pa khoti ncosauka, ndipo cotero tizingobwereka. Anthu otere sanachere khutu ku cinenero cimene anayamwa.

Taonani poyamba za munthu wolankhula naye. Cingerezi cinacita kukabwereka ku Roma liu la zilembo 12 kuti cinene cimene ife timanena ndi kamcira kakang'ono, -ana. Kukamba nkwa munthu mmodzi, kukambirana nkwa awiri. Kufunsa, kufunsana. Kutsutsa, kutsutsana. Kumva, kumvana. Mukangoika kamcirako, munthu waciwiri walowa kale m'mau anu. Munthuyo timamchula mnzako wokambirana naye. Apa pafunika kusamala, cifukwa mnzako si bwenzi. Bwenzi ndiye amene umamkonda, amene umadya naye mbale imodzi. Mnzako ndi ali yense amene waima pa mzere umodzi ndi iwe: munthu mnzako, mlimi mnzako, mkamwini mnzako. Amene ulikulimbirana naye munda ndiye mnzako wa mlandu, ngakhale simupatsana moni pa njira. Liu la Cingerezi lija liri cimodzi-modzi. Maiko awiri odana akatuma nthumwi kuti zikakambirane, nthumwi ya kuno ndi interlocutor wa nthumwi ya uko, osati cifukwa akondana, koma cifukwa ayenera kuyankhana.

Munthu ameneyu tisamsokoneze ndi mkhalapakati. Mkhalapakati alibe mbali, wadza kudzayanjanitsa. Womasulira nayenso ngwina: iye amangonyamula mau a mwini kuwaolotsa mtsinje, ndipo akathirako ace walakwa. Nkhoswe ndi inanso, pakuti imalankhulira mbale wace pa nkhani za ukwati. Anthu anai awa angathe kukhala pa mphasa imodzi, koma nchito zao nzosiyana, ndipo Cicewa cinapatsa yense dzina lace. Kodi cinenero cosauka cimatero? Ngakhale ana adziwa kuti nkhani siyenda popanda woyankha. Agogo akayamba nthano madzulo amaima pang'ono-pang'ono kudikira kuti adzukulu avomere, "Tiri tonse," ndipo kuvomera kukaleka amadziwa kuti ana agona, nthano nithera pomwepo.

Tibwere tsono ku lamulo la pakati pa mlandu. Apa ndi pamene Cicewa cilemera kopambana, cifukwa ciri ndi timau tiwiri tating'ono timene timagwira nchito yonse ya liu lalitali lija. Koyamba ndi kaye, kaciwiri ndi ba-. Mai akati kwa mwana, "Khala pansi," walamula. Akati, "Khala kaye pansi," walamulabe, koma mwana wamva kuti pali cina cirikudza. Mwini nyumba akati kwa alendo, "Badyani, ine ndikubwera," kapena, "Bakhalani pompo," alendo sayesa kuti awapatsa malowo mpaka muyaya. Ka ba- kameneka kamanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: citani ici tsopano, ndipo dziwani kuti nca kanthawi. Lamulo la interlocutory ndi lomweli basi. Ndi "baimani" wa woweruza.

Makolo athu ankazidziwa izi kale-kale, ndipo m'midzi zikali kucitika. Anthu awiri akakangana malire a munda mvula iri pafupi, nyakwawa siyembekeza kuti atemane ndi makasu. Imati, "Pa ndime imeneyo pasalowe khasu la munthu kufikira tidzakhale pansi." Mbuzi zikagwidwa m'cimanga ca mwini, zimayamba zasungidwa m'khola la mfumu, ndipo palibe amene amati mfumu yalanda mbuzi. Banja likavuta, ankhoswe amati kwa mkamwini, "Bapitani kwanu, mitima izizire," ndipo yense adziwa kuti kumeneko si kusudzula. Wopalamula amasiya cikole, kaya nkhuku kaya khasu, kusonyeza kuti adzabwera ku bwalo. Zonsezi ndi malamulo, ndipo wozinyoza amaonjeza mlandu pa mlandu. Koma palibe munthu wa m'mudzi amene angaziche cigamulo. Kugamula ndiko kudula mlandu, kuti anthu aombe m'manja, anyamuke, asadzaunjikanenso pa nkhani yomweyo. Cotero mlimi amene sanapondeko ku sukulu amasiyanitsa bwino-bwino zinthu ziwirizi pa bwalo la kwao. Amasokonezeka pokha-pokha zikacokera ku khoti la boma, ndipo omsokoneza ndi ife odziwa kulemba.

Tiyeni tione mlandu umene Amalawi ambiri akuukumbukira. Pa 21 May 2019 kunali cisankho ca pulezidenti. Zotsatira zisanaturuke, cipani ca Malawi Congress Party cinapita ku Bwalo Lalikuru ku Lilongwe, ndipo pa 25 May cinapatsidwa ciletso cakuti bungwe loyendetsa cisankho lisalengeze wopambana. Munthu womva tsiku limenelo kuti khoti lagamula akanayesa kuti cisankho cagwa. Patangopita masiku awiri, pa 27 May, khoti linacotsa ciletsoco, bungwe linalengeza kuti Peter Mutharika wapambana, ndipo m'mawa mwace analumbira. Munthu womvanso kuti khoti lagamula akanayesa kuti oweruza atsimikiza kuti cisankho cinayenda bwino. Onse awiri akanaphonya. Pa 25 May khoti silinanene kuti mavoti anabedwa; linati baimani. Pa 27 May silinanene kuti mavoti ali bwino; linangotsegula njira kuti bungwe lilengeze, odandaula adandaule pambuyo pace monga mwa lamulo. Mlandu weni-weni unali usanayambe. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera anakasuma, oweruza asanu anamva mboni kwa miyezi ingapo, anthu alikumvera pa wailesi m'Cingerezi ndi m'Cicewa, ndipo pa 3 February 2020 ndi pamene anagamula kuti cisankhoco sicinayende mwa lamulo, cicitikenso. Bwalo la Apilo linavomereza pa 8 May, ndipo anthu anavotanso pa 23 June 2020. Onani tsono: mbali imene anaicotsera ciletso ndiyo inadzapambana mlandu. Amene anataya mtima pa 27 May 2019 anautaya cabe, ndipo amene anavina tsiku lomwelo anavina msanga.

Nthawi zina ciletso ndi cigamulo zimaloza kumodzi. Mu April 2020, boma litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 cifukwa ca mliri wa Covid-19, Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka ciletso pa 17 April, poyamba ca masiku 7 okha. Cigamulo ceni-ceni, cakuti malamulo a m'bindikirowo anasemphana ndi malamulo akuru a dziko, cinadza mu September kucokera kwa oweruza ena. Apa odandaula anapambana kawiri konse. Koma pakati pa April ndi September panalibe munthu akanalumbira kuti zidzatha cotero.

Cifukwa cace nciani? Ncakuti popereka ciletso woweruza sadzifunsa kuti wolakwa ndani. Njira imene makhoti athu amatsata inacokera pa mlandu wa mu 1975 ku England, wa makampani awiri, American Cyanamid ndi Ethicon, amene ankalimbirana umwini wa luso lopangira ulusi wosokera mabala, umene umasungunuka wokha m'thupi. Woweruza wina wamkuru, Lord Diplock, anaphunzitsa kuti pa nthawi yotere khoti lisayese kuzenga mlandu wonse ndi mapepala okha, mboni zisanafunsidwe. Lidzifunse zinthu zocepa. Kodi pali nkhani yeni-yeni yoyenera kuzengedwa, kapena wodandaula alikungotaitsa nthawi? Kodi tikapanda kuletsa, iye nadzapambana pomariza, ndalama zingabweze cimene wataya? Nanga adzapwetekeka kopambana ndani, uyu tikaletsa, kapena uyo tikapanda kuletsa? Malamulo oyendetsera mirandu ku Bwalo Lalikuru la Malawi, a mu 2017, ali ndi mafunso onga omwewa. Taonani kuti m'mafunso onsewo mulibe lakuti mwini munda ndani. Munthu angathe kupatsidwa ciletso ngakhale pomariza adzagonja, cifukwa mbawa ikadulidwa lero sidzaimanso pa tsiku la cigamulo, ndipo manda akalimidwa palibe ndalama yowabwezera. Woweruza amangosunga zinthu monga ziri. Amacita monga mai wolanda mpeni kwa ana awiri olimbirana, asanafunse kuti ngwa yani.

Palinso zina zimene munthu wovina ndi pepala la ciletso kawiri-kawiri sazidziwa. Nkhani ikakhala ya cangu, khoti lingathe kupereka ciletso litamva mbali imodzi yokha, mnzace wa mlandu kulibe, mwina asakudziwa nkomwe kuti wasumiridwa. Kodi mfumu iti inagamulapo mlandu itamva munthu mmodzi? Khoti nalonso silitero. Ciletso cotere cimadikira tsiku lakuti onse awiri abwere, ndipo pa tsikulo cingathe kucotsedwa, maka-maka zikadziwika kuti wopempha anabisa zina zimene anayenera kuulula. Cinanso ndi ici: wopempha ciletso kawiri-kawiri amalonjeza kwa khoti kuti zikadzaoneka kuti mnzace analetsedwa popanda cifukwa, iye adzalipira zonse zimene mnzaceyo wataya. Ukatseketsa cigayo ca munthu miyezi isanu ndi umodzi ndi kugonja pomariza, ndalama za miyezi yonseyo zingadzaturuke m'thumba mwako. Munthu amene anauzidwa kuti khoti lagamula mokomera iye, kodi angaganize kuti wasenza ngongole?

Komatu wina asati, popeza si cigamulo ndingathe kucinyoza. Iai. "Baimani" wa woweruza ndi lamulo lathunthu pa masiku ace onse, ndipo wolinyoza angathe kulipitsidwa kapena kutsekeredwa m'ndende cifukwa conyoza khoti, ngakhale munda uli wace ndithu.

Za belo ndizo zimandiwawa kopambana, cifukwa apa ndi pamene mwazi umakhetsedwa. Malamulo akuru a dziko lino, a mu 1994, pa ndime 42, amati munthu womangidwa afike naye ku khoti pasanathe maola 48. Amati ali ndi ufulu wakuturutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokha-pokha cilungamo cikafuna kuti akhalebe m'ndende. Amatinso ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Belo ndi cikole cija ca kumudzi. Munthu amasiya ndalama, kapena abale amamuimira, nalonjeza kuti adzaonekera pa tsiku la mlandu, ndipo akathawa amamangidwanso. Ali ngati mbuzi ya cingwe cacitali: irikudya msipu, koma cikhomo cace ciripo. Tsono munthu wobedwa ng'ombe akaona woganiziridwa uja ali pa msika patapita masiku atatu, wina namuuza kuti khoti lammasula, mtima wace umati boma lagulidwa. Mawa akagwidwa wina, anthu sapitanso naye ku polisi; amatola miyala. Sindirikunena kuti liu lokha ndilo limapha munthu. Umphawi ulipo, mkwiyo ulipo, ndipo ziphuphu zeni-zeni nazo ziripo. Koma wothira liu lakuti kumasula pamene pafunika lakuti kuturutsa pa belo wasonkhezera nkhuni pa moto umene unali kuyaka kale. Ndipo coipa cina ncakuti wobedwayo, poyesa kuti mlandu watha, sapitanso ku khoti kukacitira umboni. Mboni zikasowa mlandu umagwa, ndipo pamenepo woganiziridwa amamasulidwadi.

Ena adzati, bwanji osangonena kuti injakishoni, popeza anthu a m'tauni analizolowera? Ine sindidana nako kubwereka. Khoti, loya, belo ndi apilo ndi mau obwereka, ndipo akhazikika pakati pathu ngati mkamwini wabwino. Koma liu lobwereka limafika liri duu. Siliuza munthu kanthu kufikira wina atalimasulira. Gogo wa ku Dedza akamva injakishoni amangomva kuti cinthu cacikuru ca Cizungu cagwa pa munda wace. Akamva kuti ciletso coyembekezera, liu lokha lamuuza kale kuti pali cimene cirikuyembekezedwa. Ndipo dziwani kuti eni ace a mau ovutawa anawatula pansi. Mu April 1999 makhoti a ku England anayamba kuyendera malamulo atsopano, otsatira malangizo a Lord Woolf, amene colinga cace cina cinali cakuti munthu wamba azimva zonenedwa. M'malo mwa interlocutory anayamba kunena interim, ndiko kuti ca kanthawi. M'malo mwa mau a Cilatini akuti ex parte anayamba kunena mau wamba otanthauza kuti mnzace sanadziwitsidwe. Pa mirandu ya maukwati anali ndi lamulo loyamba lochedwa decree nisi; nisi m'Cilatini ndiko kuti pokha-pokha, pakuti ukwati unali usanathe, ndipo wolandira pepalalo sakanatha kukwatira kwina kufikira lamulo laciwiri litadza. Mu 2022 dzina limenelinso analisiya, naikapo mau a Cingerezi ca masiku onse. Ngati Mngerezi anaona kuti mau amenewa alikulemera anthu a kwao, ife tiwasenzerenji pamene athu tiri nao?

Pali cotsutsa cina cimene ciri ndi mphamvu, ndipo sindicizemba. Munthu angati: inu mukuti ciletso si cigamulo, koma taonani za ine. Anandiletsa kulima munda wanga mu November. Mvula inagwa, inatha. Caka cina cinadza, mlandu sunazengedwe. Pa mapepala anu mukuti nca kanthawi, koma m'nkhokwe mwanga mulibe kanthu. Kodi kumeneku si kugamula? Munthu ameneyu alikunena zoona. Ciletso cokhala zaka mlandu osayenda ndi cigamulo cobisala, coperekedwa mboni zisanamveke, ndipo ncocititsa manyazi kwa makhoti ndi kwa maloya amene amatenga ciletso ndi kukagona naco. Akuru anati mlandu suola. Koma mbeu imaola, denga limaola, ndipo mboni zimakalamba ndi kufa.

Koma taganizani amene amapindula pamene ciletso cotere cichedwa cigamulo. Wopindula ndi yemwe uja wagona naco. Iye alibe cifukwa cofulumizira mlandu, pakuti mudzi wonse ukhulupirira kuti anapambana. Woletsedwa amabwerera kwao atawerama, osadziwa kuti ali ndi ufulu wakubwerera ku khoti kukapempha kuti ciletso cicotsedwe, kapena kuti tsiku la mlandu liikidwe. Dzina lolakwa lamtseka pakamwa munthu amene lamulo likali kumuyesa wokambirana naye. Koma likachedwa lamulo loyembekezera, ali yense womva adzafunsa, tirikuyembekezera ciani, ndipo mpaka liti? Mfumu idzafunsa, mkazi wa woletsedwa adzafunsa, wolemba nyuzi adzafunsa. Dzina loona limakumbutsa khoti ngongole yace tsiku ndi tsiku. Cotero kucedwa kwa mirandu si cifukwa cosiyira kusiyanitsa mau. Ndico cifukwa cacikuru cowasiyanitsira.

Nchito imeneyi iri ndi eni ace. Ndime 42 yomwe ija imapatsa munthu wozengedwa mlandu ufulu wakumva mlandu wace m'cinenero cimene adziwa, kapena kumasuliridwa boma likulipira. Kumasulira kumene kusandutsa "baimani" kukhala "mwagonja" sikukwaniritsa ufulu umenewo. Cicewa cinalengezedwa cinenero ca dziko mu 1968. Mu 1996 kunakhazikitsidwa ku Zomba bungwe la za zinenero la Centre for Language Studies, ndipo mu 2000 linaturutsa buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Anthu odziwa mau alipo, oweruza odziwa Cicewa alipo, omasulira a m'makhoti ndi a pa wailesi alipo. Cofunika ncakuti agwirizane pa mau ocepa ndi kuwasunga. Ine ndipempha kuti liu lakuti cigamulo lisungidwire mau otsiriza mlandu okha. Lamulo liri lonse la pakati pa mlandu lichedwe lamulo loyembekezera, ndipo likakhala loletsa lichedwe ciletso coyembekezera, kuti lisiyane ndi ciletso cosatha cimene woweruza nthawi zina amaika m'cigamulo ceni-ceni. Wa belo tizinena kuti waturuka pa belo, ndipo kumasula kukhale kwa iye yekha amene khoti lampeza wosalakwa. Mlandu woikidwira tsiku lina tizinena kuti waimitsidwa, osati wathetsedwa. Ngati wina ali ndi mau abwino oposa awa, awabweretse tikambirane. Cimene ndikana ndi liu limodzi la zinthu zinai.

Kufikira zimenezi zitacitika, inu owerenga mudziteteze nokha. Mukalandira pepala la khoti, kapena mukamva woweruza atalankhula pa mlandu wanu, musanyamuke musanafunse kalaliki kapena womasulira kuti, kodi mlandu watha kapena ukali m'kati? Funsaninso kuti lamuloli lidzatha liti, ndi kuti tsiku lobwerera ndi liti, ndipo tsikulo mulilembe nokha pa pepala lanu, popeza tsopano mudziwa kulemba. Pepala likakhala la Cingerezi, yendetsani cala pa mizere yace kufuna mau awa: interlocutory, interim, until. Lotsirizalo ndiko kuti kufikira. Mukapeza limodzi la mau amenewa, sungani bwino makalata anu onse a munda kapena a nyumba, kaoneni mboni zanu ngati zikali ndi mtima wakudza, ndipo muyambe kusonkhanitsa ndalama ya basi ya pa tsiku la mlandu.